Mbiri ya Dikembe Mutombo, katswiri wa basketball wa ku Congo yemwe adamanga chipatala kwawo

Dikembe Mutombo, yemwe adamwalira pa 30 September 2024 mumzinda wa Atlanta m'dziko la America atadwala khansa ya mu ubongo, ndi mmodzi mwa osewera mpira wa basketball ochokera mu Africa omwe adatchuka kwambiri pa dziko lonse. Iye adamwalira ali ndi zaka 58.

Mkuluyu, yemwe adali wamtali mamita 2.18, adasewera masizoni 18 mu ligi yaikulu ya ku America ya National Basketball Association, yomwe mwachidule imatchedwa NBA. Iye adasewerera matimu asanu ndi imodzi kuchokera mu 1991 mpaka mu 2009, koma sadatengepo chikho cha ligiyi ngakhale adafika kawiri m'ndime yotsiriza.

Mosiyana ndi akatswiri ambiri a masewerowa, Mutombo sadatchuke ndi kugoletsa. Ntchito yake idali yoletsa anzake kugoletsa, ndipo ndalama zomwe adapeza pa ntchitoyi ndizo zidamangitsa chipatala chachikulu mumzinda wa Kinshasa komwe adabadwira.

Ntchito ya senta

Pa masewero a basketball timu iliyonse imalowetsa osewera asanu, ndipo wamtali kuposa onse nthawi zambiri amapatsidwa malo otchedwa senta. Omwe amatsatira mpira wa ntchemberembaye asasokonezeke ndi dzinali, chifukwa senta wa ku ntchemberembaye amathamanga pakati pa bwalo, pamene wa basketball amakhalitsa pansi pa golo, mbali zonse ziwiri za bwalo.

Mkombero wa golo uli pa mtunda wa mamita 3.05 kuchokera pansi. Timu yake ikamafuna chigoli, senta amalandira mpira pafupi ndi golo n'kuponya, kapena amawakha mpira womwe mnzake waphonya kuti timu iyeserenso. Adani akabwera ndi mpira, iye amaima patsogolo pa golo kuti amenye mpira uli m'malere usanafike pamkombero, komanso kuwakha womwe wadunda pamkombero kapena pathabwa la kumbuyo kwake.

Kutchinga kotereku kuli ndi malamulo okhwima. Mpira ukayamba kutsika kulunjika pagolo saloledwanso kuukhudza, ndipo akaukhudza oyimbira amangopereka chigoli kwa adaniwo. Akamenya mkono wa woponya m'malo mwa mpira amakhala kuti walakwa, ndipo mu NBA wosewera akalakwa kasanu ndi kamodzi amatulutsidwa m'bwalo. Choncho utali pawokha sukwanira. Wotchinga wabwino amayenera kudziwa nthawi yodumphira, komanso kusanyengedwa ndi woponya yemwe akungonamizira kuponya kuti iye adumphe msanga.

Apa ndi pomwe padali luso la Mutombo. Nthawi zambiri ankadikira kuti mpira uchoke kaye m'manja mwa woponya, ndipo osewera ambiri akangomuona pansi pa golo ankasintha maganizo n'kuponyera patali. Mipira yophonyedwa chifukwa cha mantha otere siilembedwa m'kaundula aliyense.

Kuchokera ku Kinshasa

Dzina lake lonse lidali Dikembe Mutombo Mpolondo Mukamba Jean-Jacques Wamutombo. Iye adabadwa pa 25 June 1966 ku Kinshasa m'dziko la Congo, lomwe kuyambira 1971 mpaka 1997 linkatchedwa Zaire. Adali wa mtundu wa Aluba ndipo adabadwa m'banja la ana khumi. Bambo ake, a Samuel Mutombo, adali mphunzitsi wamkulu, ndipo mayi ake adali a Biamba Marie.

Ali mwana ankakonda mpira wamiyendo, komwe ankakhala pagolo, ndipo basketball adaiyamba mochedwa, ali ndi zaka pafupifupi 16, bambo ake ndi mkulu wake atamulimbikitsa poona msinkhu wake. Maphunziro a sekondale adachitira pa sukulu ya ansembe a Chijezwiti ya Institut Boboto, ndipo khumbo lake lidali lodzakhala dokotala.

Mu 1987, ali ndi zaka 21, adapita ku America kukaphunzira pa sukulu ya ukachenjede ya Georgetown mumzinda wa Washington ndi thandizo la bungwe la boma la America la USAID. Pofika kumeneko n'kuti asakudziwa bwino Chingerezi, ndipo chaka choyamba sadasewere mu timu ya sukuluyi.

Mphunzitsi wa timuyo, John Thompson, ndiye adasintha njira ya mnyamatayu. Thompson naye adali senta pa nthawi yake, ndipo adasewerapo mu timu ya Boston Celtics monga wolowa m'malo mwa Bill Russell, yemwe ambiri amati ndiye wotchinga woposa onse m'mbiri ya masewerowa. Sukulu ya Georgetown idali itatulutsa kale senta wina wotchuka, Patrick Ewing, ndipo Mutombo adasewera limodzi ndi Alonzo Mourning. Mu sizoni yake yoyamba adatchinga mipira 12 pa masewero amodzi olimbana ndi sukulu ya St. John's.

Maphunziro a udokotala sakadayendera limodzi ndi maulendo komanso zokonzekera za timu. Mutombo adasiya maganizo a udokotala ndipo mu 1991 adalandira madigiri a maphunziro a zilankhulo ndi ukazembe. Pa tchuthi adagwirako ntchito mophunzira ku nyumba ya malamulo ya America ndi ku World Bank. Iye ankalankhula zilankhulo 9, kuphatikizapo Chifalansa, Chingerezi, Chipwitikizi, Chisipanishi, Chiswahili, Chilingala ndi Chiluba.

Zaka za ku Denver

Chaka chilichonse matimu a NBA amasankha osewera atsopano motsatana, ndipo matimu omwe sadachite bwino ndiwo amakhala ndi mwayi woyamba. Mu 1991 timu ya Denver Nuggets idasankha Mutombo pa nambala yachinayi. Timuyi inkamufunadi munthu wotere, chifukwa mu sizoni yapitayo idapambana masewero 20 okha mwa 82, ndipo adani ankaigoletsa mapointi oposa 130 pa masewero aliwonse.

Mu sizoni yake yoyamba adagoletsa mapointi 16.6 ndi kuwakha mipira yodunda 12.3 pa avareji ya masewero aliwonse, ndipo adasankhidwa kukasewera m'masewero a akatswiri okhaokha a All-Star. Chodabwitsa n'chakuti pa nkhani yogoletsa sadafikenso pa mlingo umenewu m'zaka zonse zotsatira. Kaponyedwe kake kadali kouma, ndipo chida chomwe ankadalira chidali kuponya ndi dzanja limodzi modutsitsa pamwamba pa mutu.

Chomwe chidamutchukitsa chidachitika mu May 1994. Denver idalowa m'ndime ya chipulula ili pa nambala 8, yomwe ndi yotsiriza m'chigawo chake, itapambana masewero 42 ndi kugonja 40. Idakumana ndi Seattle SuperSonics ya Shawn Kemp ndi Gary Payton, yomwe idapambana masewero 63, kuposa timu ina iliyonse mu ligi chaka chimenecho. Pa nthawiyo ndime yoyamba inkafuna timu yoyamba kupambana masewero atatu mwa asanu.

Seattle idapambana masewero awiri oyamba pakwawo, ndipo ambiri adaona ngati nkhani yatha. Denver idabweza awiri otsatira pabwalo lake. Masewero achisanu, omwe adachitikira ku Seattle, adafika m'nthawi yoonjezera ndipo Denver idapambana 98-94. Mutombo ndiye adawakha mpira wotsiriza, kenaka adagwa chagada ataukweza m'mwamba ndi manja onse awiri, uku akulira ndi chimwemwe. Chithunzi chimenechi chimaonetsedwabe pa kanema ikafika nyengo ya chipulula.

Aka kadali koyamba m'mbiri ya NBA kuti timu ya nambala 8 itulutse ya nambala 1. Pa masewero asanuwo Mutombo adatchinga mipira 31, chiwerengero chomwe padalibe adachifikapo pa ndime ya masewero asanu. M'ndime yotsatira Denver idagonja katatu motsatizana kwa Utah Jazz, n'kubweza katatunso, koma idatuluka pa masewero achisanu ndi chiwiri.

Kwa masizoni atatu otsatizana, kuyambira 1993/94, iye adatsogola mu ligi yonse pa avareji ya mipira yotchingidwa, ndipo mu 1995/96 adafika pa mipira 4.5 pa masewero aliwonse. Mu 1995 adalandira koyamba mphotho ya wosewera wotchinga bwino kuposa onse.

Chala cha mkombaphala

Mu 1996 Mutombo adasaina mgwirizano wa zaka zisanu ndi timu ya Atlanta Hawks wa ndalama zokwana madola pafupifupi 55 miliyoni a ku America. Ali kumeneko adalandiranso mphotho ya wotchinga bwino mu 1997 ndi mu 1998.

M'zaka zimenezi ndi momwe chizolowezi chake china chidafalikira dziko lonse. Akatchinga mpira ankaimika chala cha mkombaphala n'kumachigwedeza pamaso pa woponyayo, monga achitira kholo poletsa mwana. Ochemerera ankasangalala nazo, koma osewera anzake ndi aphunzitsi adadandaula kuti n'chipongwe. Akuluakulu a ligi adalamula kuti oyimbira azimulanga akatero, ndipo iye adangotembenuka n'kuyamba kugwedezera chalacho kwa ochemerera.

Ngakhale Michael Jordan adalowa nawo m'nkhaniyi. Mutombo ankadzitama kuti Jordan sadalowetsepo mpira m'golo modumpha pamwamba pa iye. M'ndime ya chipulula ya 1997, pamene Chicago Bulls idatulutsa Atlanta, Jordan adachita zimenezo ndipo adabweza chala chija pamaso pa mwini wake. Oyimbira adamulanga Jordan pomwepo.

Sikuti onse ankamukonda m'bwalo. Zigongono zake zidavulaza osewera angapo, makamaka akamateteza mpira womwe wangowakha. Mu December 2004 LeBron James adathyoka fupa la patsaya atagundana ndi chigongono chake. Padalinso mphekesera, zomwe anzake ankamuseka nazo mpaka kumapeto, zoti adali wamkulu kuposa zaka zolembedwa m'makalata ake, koma iye ankazikana.

Pafupi ndi chikho

Mu February 2001 mphunzitsi wa Philadelphia 76ers, Larry Brown, adatsogolera timu ya chigawo cha kum'mawa pa masewero a All-Star pomwe Mutombo adawakha mipira yodunda 22. Patangopita masiku ochepa Philadelphia idamutenga posinthana ndi osewera ena, kuphatikizapo senta wake Theo Ratliff yemwe adali atavulala. Cholinga chidali chodziwikiratu: timuyi, yomwe inkadalira zigoli za Allen Iverson, inkafuna munthu woti akalimbane ndi Shaquille O'Neal wa Los Angeles Lakers.

Chaka chimenecho Mutombo adatsogola mu ligi pa kuwakha mipira yodunda kachiwiri motsatizana, ndipo adalandira mphotho ya wotchinga bwino kachinayi. Iye adali woyamba kufika pamenepa. Ben Wallace adafanana naye mu 2006 ndipo Rudy Gobert wa ku France mu 2024.

Pa masewero otsiriza a chigawo cha kum'mawa olimbana ndi Milwaukee Bucks adagoletsa mapointi 23, kuwakha mipira 19 ndi kutchinga 7. M'ndime yotsiriza Philadelphia idadzidzimutsa anthu popambana masewero oyamba ku Los Angeles, ndipo kumeneku ndiko kudali kugonja kokhako kwa Lakers m'chipulula chonse cha chaka chimenecho. Masewero anayi otsatira adapita kwa Lakers. Mutombo, ali ndi zaka pafupifupi 35, adalimbana ndi O'Neal yekhayekha nthawi zambiri, koma mphamvu ndi kulemera kwa mnzakeyo zidamuposa, ndipo O'Neal adagoletsa mapointi 33 pa avareji.

Kuchokera apa ntchito idayamba kutsika. Mu 2002 adapita ku New Jersey Nets komwe adavulala dzanja ndi kusewera masewero 24 okha. Timuyi idafika m'ndime yotsiriza mu 2003 n'kugonja kwa San Antonio Spurs, koma iye sankadaliridwanso monga kale. Adakhalako sizoni imodzi ku New York Knicks asanapite ku Houston Rockets mu 2004.

Ukalamba ku Houston

Ambiri ankaganiza kuti ku Houston wangopita kukatsiriza, koma adakhalako masizoni asanu monga wolowa m'malo mwa Yao Ming wa ku China, yemwe ankavulala kawirikawiri. Mu January 2007 adapitirira Kareem Abdul-Jabbar n'kukhala wachiwiri pa mndandanda wa otchinga mipira yambiri m'mbiri ya ligi. Mu March chaka chomwecho, ali ndi zaka 40, adawakha mipira yodunda 22 polimbana ndi timu yake yakale ya Denver.

Mu 2008 Houston idapambana masewero 22 motsatizana. Yao adavulala timuyi itapambana 12, ndipo pa khumi otsalawo senta woyamba adali Mutombo, yemwe pa nthawiyo adali wamkulu kuposa osewera onse mu ligi.

Pa 21 April 2009, m'masewero a chipulula olimbana ndi Portland Trail Blazers, adavulala bondo kwambiri ndipo adatuluka m'bwalo atanyamulidwa pa machira. Pomwepo adalengeza kuti wapuma pa masewero, ali ndi zaka 42.

Pa masewero 1,196 a mu ligi, iye adagoletsa mapointi 11,729, kuwakha mipira yodunda 12,359 ndi kutchinga mipira 3,289. Womuposa pa kutchinga ndi Hakeem Olajuwon yekha, wobadwira ku Lagos m'dziko la Nigeria, yemwe adafika 3,830, kutanthauza kuti awiri oyamba pa mndandandawu onse ndi obadwira mu Africa. Komabe nkoyenera kudziwa kuti NBA idayamba kuwerenga mipira yotchingidwa mu 1973, Russell ndi Wilt Chamberlain atapuma kale, choncho maina awo mulibe.

Mutombo adasankhidwa kasanu ndi katatu ku All-Star. Mu 2015 adalowetsedwa m'nyumba yolemekezera akatswiri a basketball ya Naismith ku Springfield, ndipo matimu a Atlanta mu 2015 ndi Denver mu 2016 adalamula kuti wosewera wawo wina asadzavalenso nambala yake ya 55.

Chipatala cha ku Masina

Ntchito zachifundo adaziyamba akusewerabe. Mu 1996 adalipirira ulendo ndi yunifolomu za timu ya amayi ya basketball ya Zaire kuti ikasewere pa mpikisano wa Olimpiki ku Atlanta. Mu 1997 adakhazikitsa bungwe la Dikembe Mutombo Foundation loona za umoyo ndi maphunziro kwawo.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, dziko la Congo lili pa nkhondo, mayi ake adadwala sitiroko ku Kinshasa ndipo adamwalira osafika kuchipatala m'nthawi yake, chifukwa kudali lamulo loletsa anthu kuyenda usiku. Imfa imeneyi idamulimbitsa mtima pa ganizo lomanga chipatala.

Ntchitoyi siidayende msanga. Mwala wa maziko udaikidwa mu 2001, koma kusowa kwa ndalama, mavuto a malo komanso kusakhazikika kwa dziko zidachedwetsa zinthu. Iye adayenda akupempha thandizo kwa osewera anzake, makampani ndi mabungwe, ndipo m'thumba mwake adatulutsa madola pafupifupi 15 miliyoni mwa 29 miliyoni omwe adafunika.

Chipatalachi, chomwe chidapatsidwa dzina la mayi ake la Biamba Marie Mutombo, chidatsegulidwa mu 2007 m'dera la Masina, lomwe ndi limodzi mwa madera a anthu ambiri komanso osauka kum'mawa kwa Kinshasa, panjira yopita ku bwalo la ndege la N'djili. Chidakonzedwa kuti chizikhala ndi mabedi 300, ndipo chidali chipatala chamakono choyamba kumangidwa m'deralo pa zaka pafupifupi 40. Motero munthu yemwe adalephera kukhala dokotala adakhala wolemba ntchito madokotala.

Mu January 2007 mtsogoleri wa dziko la America pa nthawiyo, George W. Bush, adamuitana ku nyumba ya malamulo ndi kumuyamikira m'mawu ake a pachaka ku mtundu wa America. N'kuti Mutombo atangolandira kumene unzika wa dzikolo mu 2006. Ligi idamupatsanso mphotho ya J. Walter Kennedy, yoperekedwa kwa wosewera wothandiza anthu, mu 2001 ndi mu 2009. Patsogolo pake bungwe lake lidamanga sukulu pafupi ndi mzinda wa Mbuji-Mayi m'dzina la bambo ake.

Dzina lake lidadetsedwapo kamodzi. Lipoti la akatswiri a bungwe la United Nations la mu 2011 lidamutchula monga mkhalapakati pa malonda a golide wa ku Congo omwe adasokonekera, wamalonda wina wa ku Houston n'kuluza ndalama zambiri. Malinga ndi lipotilo, malondawa adakhudzanso mtsogoleri wa asilikali Bosco Ntaganda. Mutombo sadazengedwe mlandu uliwonse pa nkhaniyi.

Kazembe wa masewero

Atapuma mu 2009, NBA idamusankha kukhala kazembe wake woyamba wa dziko lonse. Iye adali kale mmodzi mwa otsogolera maphunziro a achinyamata a Basketball Without Borders, omwe mu Africa adayambira ku Johannesburg mu 2003. M'maphunziro amenewa mudadutsa Joel Embiid ndi Pascal Siakam a ku Cameroon. Embiid adasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu NBA mu 2023.

Pa 1 August 2015, pamene osewera a NBA adachita masewero awo oyamba a chionetsero mu Africa mumzinda wa Johannesburg, Mutombo ndi Olajuwon adavala yunifolomu n'kulowa m'bwalo kwa mphindi zochepa. Iye adalimbikitsanso kukhazikitsidwa kwa ligi ya makalabu a mu Africa ya Basketball Africa League, yomwe idayamba mu 2021 ku Kigali m'dziko la Rwanda, ndipo adali mmodzi mwa omwe adaika ndalama mu nthambi ya NBA Africa.

Mu October 2022 banja lake kudzera ku NBA lidalengeza kuti akulandira thandizo la mankhwala ku Atlanta atapezeka ndi chotupa mu ubongo. Adamwalira patapita zaka ziwiri, ndipo adasiya mkazi ndi ana, ena mwa iwo olera a abale omwe adamwalira. Mwana wake wamwamuna mmodzi adaseweranso basketball pa sukulu ya Georgetown.

Mu February 2025 NBA idalengeza kuti yakhazikitsa mphotho ya pachaka ya ntchito zachifundo mu Africa m'dzina la Mutombo, komanso kuti imanga mabwalo a basketball okwana 55 m'maiko a mu Africa, molingana ndi nambala ya malaya ake, kuyambira ku Kinshasa.